ZA KUSASA KWA NSAMBO ZA PIYANO NDI ZA BANGWE

Phunziro la mwezi uno liri la iwo amene anapatsidwa udindo wa kusunga zoimbira za nsambo, kaya pa sukulu, kaya m'nyumba ya mapemphero, kaya pakhomo pao. Choimbira chimadwala monga adwalira munthu, ndipo nthenda yake yodziwika ndiyo kusasa mau. Muimba nsambo kuti ilire mau amodzi oyera, koma pamodzi ndi mauwo mumveka kena kochita njiii, kapena tsechetseche, kapena mau ena alirabe pamene anayenera kuleka. Oimba asokonezeka, ana aseka, ndipo wosunga choimbira, pogwidwa ndi manyazi, atenga pulayala ndi mafuta nayamba kukunga nsambo ziri zonse. Zoimbira zambiri zinafa ndi mankhwala otere, nthenda yake iri yaing'ono.

Tsono chimene tifuna kuti mutenge m'phunziro lino ndi ichi: muyambe mwapeza pamene phokoso lichokera musanakhudze kanthu; pakuti kawirikawiri nsambo imene imveka moipa iribe mlandu, koma mlandu uli ndi kanthu kena kogwedera pafupi pake. Tidzanena makamaka za piyano, chifukwa ndiyo yobvuta koposa ndi ya mtengo wapatali. Kuno kwa Kachindamoto piyano siziri zambiri, koma ana athu azipeza ku masukulu ndi ku mizinda. Ndiponso malamulo ake ali omwewo a bangwe, banjo ndi gitala, zimene zimveka madzulo ku Mua, ku Golomoti ndi ku Mtakataka.

1. M'mene nsambo ilirira

Mangani waya pakati pa mitengo iwiri, mumkunge ndi kumkhudza ndi chala: adzanjenjemera ndithu, koma mau ake adzakhala ochepa. Nsambo payokha siitha kukankha mpweya wambiri. Ifuna thabwa limene lilandire kunjenjemera kwake ndi kukukuza. Taonani bangwe. Mmisiri atenga thabwa, kawirikawiri la mlombwa, naboola timabowo mbali ziwiri, napisamo waya mmodzi wautali kupita ndi kubwera kufikira nsambo zakwana. Pansi pa nsambo iri yonse aikapo kamtengo kotsamiritsa, ndipo mutu wa thabwa aulonga m'chitini kapena m'chipanda kuti mau akule.

Piyano ndiyo bangwe wamkulu wotsekeredwa m'bokosi. Anayamba kuipanga ndi Bartolomeo Cristofori ku Florence, m'dziko la Italy, cha m'ma 1700. Piyano ya masiku ano iri ndi timatabwa toyera ndi takuda 88, timene oimba atitcha makiyi. Koma nsambo zake ziri ngati 230, popeza mau aang'ono ali ndi nsambo zitatuzitatu, mau otsikirapo ziwiriziwiri, ndipo mau aakulu a pansi penipeni ali ndi imodziimodzi yonenepa. Nsambo zonse ndi zachitsulo, koma za mau aakulu azikulunga ndi waya wa mkuwa kuti zilemere.

Mukakanikiza kiyi, kanyundo kobvekedwa ubweya wa nkhosa wotsendereza kamenya nsambo ndi kubwerera pomwepo. Nthawi yomweyo kanthu kena ka ubweya, kamene masiku onse kagona pa nsambo, kanyamuka kuti nsambo ilire. Mukachotsa chala kabwerera ndi kuitontholetsa, monga mai atontholetsa mwana. Kameneka tidzakatcha kotontholetsa. Nsambo iri yonse ipita pamwamba pa mtengo wautali umene amisiri autcha mlatho, koma ife tingautche mtsamiro. Pamenepo igwidwa ndi timisomali tiwiri, ndipo mtsamirowo unamatidwa pa thabwa lalikulu lopyapyala lokuza mau. Kumapeto kwake nsambo izengedwa pa chikhomo chachitsulo chokungira.

Nsambo zonsezi pamodzi zikoka ndi mphamvu yonga matani 18, ndiko kulemera kwa matumba a chimanga 360 a makilogalamu 50. Mtengo wokha sukadapirira. Chifukwa chake m'kati muli chimango chachitsulo chosungunula, chimene Alpheus Babcock wa ku Boston anatengera chikalata cha umwini m'chaka cha 1825. Ndipo nsambo ya A ya pakati, imene oimba ayambirapo pochuna, injenjemera ka 440 pa sekondi imodzi. Lingalirani tsono: bokosi lonse linjenjemera chotero, ndipo kanthu kali konse kosagwira bwino kayenera kubvina nao.

2. Phokoso lofunika ndi losafunika

Tisanayambe kuthamangitsa phokoso, tizindikire kuti si lonse liri loipa. Makolo athu anakonda mau a tsechetseche. Amisiri a bangwe ndi a kalimba akhomera dala tizitsekero ta mabotolo kuti tizichita phokoso. A ku chigwa cha Shire amata kachikopa koyera ka kangaude pa bowo la zipanda za ulimba, kuti mau atuluke ndi njiii. Hugh Tracey anayenda m'dziko muno m'zaka za 1950 ndi 1958 najambula nyimbo za anthu a m'midzi, ndipo nyimbozo zisungidwa ku International Library of African Music, nyumba imene anaiyambitsa m'chaka cha 1954, imene tsopano iri pa Rhodes University ku South Africa. Womvera nyimbozo adzamva phokoso limeneli likukometsa zoimbira monga mchere ukometsa ndiwo. Kotero musazule tizitsekero pa bangwe wa agogo anu poyesa kuti mukumchiritsa.

Kusiyana kwake ndi uku. Phokoso lofunika analiika ndi mmisiri, ndipo liperekeza mau onse mofanana. Losafunika lidza lokha, ligwira mau amodzi ndi kusiya ena, lero liripo, mawa palibe. Komabe kachitsekero ka botolo katiphunzitsa chinthu chachikulu: woimba sakakhudza konse, koma kalira chifukwa thabwa likagwedeza. Momwemonso m'piyano, sikuluwu yokhwefuka, kapena galasi la zenera la kutsidya kwa chipinda, libvomera pamene mau ogwirizana nalo alira, ndipo khutu linamizira nsambo.

3. Kufufuza pamene phokoso liri

Kuona maso a nkhono nkudekha. Nchito iyi ifuna anthu awiri ndi nthawi yachete, monga m'mamawa ana asanafike. Mmodzi akhale pa piyano, aimbe makiyi onse limodzilimodzi kuyambira kumanzere, poyamba mofatsa, kenaka mwamphamvu, nalembe ndi choko makiyi amene atulutsa phokoso. Atatero, aimbe kiyi yolakwayo mobwerezabwereza, ndipo mnzake ayende kumvetsera ndi kusanjika dzanja pa chinthu chimodzichimodzi. Pamene phokoso lileka pansi pa dzanja lake, pomwepo ndi pa bala.

Muyambe kutali ndi kudza pafupi. Choyamba chipinda: magalasi a mazenera, malata a denga amene msomali wake unazuka, nyali, chithunzi cha pakhoma, mbale za m'kabati, ndi zonse ziri pamwamba pa piyano. Zichotseni ndi kuimbanso. Chachiwiri bokosi: mahinji a chibvundikiro, loko, poikira buku, thabwa la kunsi kwa makiyi, zopondera, ndi timawilo, pakuti kawilo kamodzi kakapanda kugunda pansi kachita phokoso lalikulu. Sikuluwu ya m'bokosi yokhwefuka mungathe kuimanga nokha. Chachitatu m'kati: tsegulani pamwamba ndi pansi, muunike ndi tochi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mudzapezamo pensulo, ndalama, pini, mkanda, nyumba za mabvu zadothi, ngakhale chimanga chimene makoswe anatuta. Ndalama imodzi yotsamira pa thabwa lokuza mau ikwanira kuipitsa nyimbo yonse.

Mukatha zitatuzi phokoso liripobe, pamenepo mufike ku nsambo, ndipo mudzifunse mafunso atatu. Kodi phokoso liri pa kiyi imodzi kapena pa makiyi ambiri? Likakhala pa imodzi, bvuto liri pa nsambo yake, kanyundo kake kapena kotontholetsa kake. Likakhala pa ambiri oyandikana, yang'anani mtsamiro ndi thabwa. Kodi lidza pomenya, kapena mau ali m'kati molira, kapena mutachotsa chala? La pomenya liri la kanyundo, la m'kati liri la nsambo, la pochotsa chala liri la kotontholetsa. Kodi linayamba m'dzinja kapena m'chirimwe? Yankho lake lidzakuuzani ngati mtengo unatupa kapena unauma.

4. Nthenda zisanu ndi imodzi

Yoyamba ndiyo mau ochita mafunde, omveka wa-wa-wa. Kawirikawiri zitanthauza kuti nsambo zitatu za kiyi imodzi zasiyana pang'ono kukungika kwake. Kuti mudziwe, tsekani ziwiri ndi kansalu kopindapinda, mumve imodzi yokha, ndi kuchita chomwecho ndi zonse zitatu. Iri yonse ikalira bwino payokha, piyano ingofuna kuchuna basi. Koma imodzi ikachita mafunde iri yokha, kawirikawiri kamsomali ka pa mtsamiro kagwedera m'bowo mwake. Mmisiri atsimikiza potsamiritsa nsonga ya sikuludalaivala pa kamsomaliko nsambo iri kulira. Mafunde akaleka, wapeza. Kulimbitsa kamsomaliko ndi nchito yake ya mmisiriyo.

Yachiwiri ndiyo mkuwa wokhwefuka pa nsambo za mau aakulu. Pakupita kwa zaka waya wa mkuwa uleka kugwira chitsulo cha m'kati, ndipo nsambo ilira ngati muli mchenga. Mmisiri aifewetsa, aikolola kunsi, aipota kamodzi kutsata kumene mkuwa unazengera, naikolekanso. Ikakana, palibe mankhwala ena koma nsambo yatsopano ya muyeso womwewo.

Yachitatu ndiyo dzimbiri, mdani wamkulu kuno kunyanja. Limadza ndi chinyezi ndiponso ndi thukuta la m'manja. Chifukwa chake musagwire nsambo ndi zala. Pfumbi ndi dzimbiri lochepa pa nsambo zachitsulo mungapukute ndi nsalu youma. Koma mafuta iai, ngakhale a makina osokera, ngakhale ophikira. Mafuta akalowa m'mkuwa asonkhanitsa pfumbi, ndipo nsambo igontha osaliranso bwino. Akafika ku zikhomo, zikhomo ziterera, ndipo piyano siigwiranso chuni. Dziwaninso kuti nsambo yadzimbiri imamatirira pamene itsamira, ndipo mukaikunga mwadzidzidzi iduka. Ndicho chifukwa mmisiri wanzeru ayamba waifewetsa pang'ono asanaikweze.

Yachinai iri ya totontholetsa. Ubweya wake ukadyedwa ndi njenjete, mau alirabe chala chitachoka. Ukauma ndi kulimba, nsambo ichita ziii pamene kotontholetsa kaigwera. Mau onse akamalirabe pamodzi, yang'anani chopondera cha kudzanja lamanja, chimene nchito yake ndiyo kunyamula totontholetsa tonse. Chiyenera kutsika pang'ono chisanayambe kunyamula. Chikamangika kwambiri chitiletsa kugona pa nsambo, ndipo kumasula nati yake pang'ono kuchiritsa. Koma musabvutike ndi makiyi a kumapeto kwa dzanja lamanja, ngati 20: amenewo alibe totontholetsa chipangidwire, popeza nsambo zake ndi zazifupi ndipo zileka zokha msanga.

Yachisanu iri ya tinyundo. Pomenya zaka zambiri ubweya uchita mizere yakuya nuuma gwa, ndipo mau atuluka olasa khutu ngati kumenya khasu ndi mwala. Mmisiri apala ubweyawo kuti ubwerere m'maonekedwe ake, naubaya ndi masingano kuti ufewe. Iyi ioneka ngati nchito yapafupi, koma wosaphunzira atha kuononga kanyundo m'kamphindi, ndipo ubweya wopalidwa subwerera.

Yachisanu ndi chimodzi iri ya thabwa lokuza mau. Kumbuyo kwake kuli timitengo tomatidwa mopingasa ngati nthiti. Guluu akaleka, nthiti ndi thabwa zigundana, ndipo makiyi ambiri asasa pamodzi. Sunthani piyano pang'ono, mnzanu aimbe, inu mukanikize nthitizo imodziimodzi ndi chala. Mng'alu wokha pa thabwa suli woopsa masiku onse. Piyano zambiri ziimba bwino ziri ndi ming'alu, malinga nthiti zigwirabe.

5. Nyengo ya kuno kwathu

Nthenda zambiri mwa izi zibadwa ndi nyengo. Nyanja yathu iri pa mamita ngati 474 pamwamba pa nyanja yamchere, pamene boma la Dedza liri pa mamita ngati 1,600. Choimbira chochokera ku Bembeke, chikatsika Khwekhwelere kufika ku Golomoti, chalowa dziko lina lotentha tsiku lomwelo. Ndipo kuno chaka chiri ndi nkhope ziwiri. Kuyambira Disembala kufikira Malichi mtengo umwa chinyezi nutupa: thabwa likankha mtsamiro, nsambo zikungika, mau akwera, makiyi ena akakamira, ndipo dzimbiri liyamba. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala mtengo uuma nukhwinyata: mau atsika, masikuluwu akhwefuka, guluu aleka, ndipo phokoso lichuluka. Osema a pa Kungoni ku Mua, malo amene anayamba m'chaka cha 1976, adziwa bwino khalidwe ili la mtengo, kuti wosemedwa uli wauwisi ung'ambika pouma. Piyano ikondwa ndi mpweya wa chinyezi cha pakati, ngati 40 kufikira 50 mwa 100, chosasinthasintha.

Nyengo sitingailamule, koma malo tingasankhe. Ikani piyano ku khoma la m'kati, kutali ndi zenera, chitseko ndi dzuwa, ndipo musiye mpata wa dzanja limodzi pakati pa iyo ndi khoma. Onani kuti denga silidontha pamenepo. Musaike maluwa a m'madzi pamwamba pake. Tsekani chibvundikiro mukatha kuimba, ndipo nthawi ya mwera, pamene pfumbi liuluka, muifunditse nsalu. Sesani pansi pake sabata iri yonse ndi kuyang'ana njira za chiswe. Iimbidwe kawirikawiri, pakuti makoswe ndi njenjete zikonda piyano yogona. Ikasamutsidwa, ikhale masabata angapo isanachunidwe, kuti mtengo uyambe wazolowera malo atsopano. Ndipo poitana wochuna, musankhe nthawi imene nyengo yakhazikika, monga mwezi wa Meyi kapena Juni, mvula itatha.

6. Bangwe, banjo ndi gitala

Amene mulibe piyano musati phunziro ili siliri lanu. Njira yofufuzira ndi yomweyo: wina aimbe, wina asanjike chala. Pa bangwe muyambe ndi chitini, kapena chigunda thabwa pamalo posayenera; kenaka nsonga ya waya yotsala, kapena ikhudza chitini; kenaka timitengo totsamiritsa, kapena kena kang'ambika kapena kapendekeka. Popeza waya ali mmodzi, mukakunga nsambo imodzi zinzake zisintha; kotero sunthani kamtengo pang'onopang'ono ndi kumveranso zonse.

Pa banjo ndi gitala, nsambo ikatsika kwambiri igunda tizitsulo ta pakhosi nichita njiii. Kanikizani nsamboyo malo amodziamodzi kutsika nalo khosi. Pamene phokoso lileka, kachitsulo kamene kali patsogolo pa chala chanu, kamene nsambo yatsamirapo, ndiko kotukuka. Khosi nalonso lipindika ndi nyengo, ndipo chifukwa chake gitala isagone padzuwa kapena pansi ponyowa. Onaninso zokungira za kumutu, pakuti sikuluwu zake zikhwefuka msanga, ndipo dulani nsonga zazitali za nsambo. Anyamata opanga banjo ndi waya wa mabuleki a njinga adziwe kuti waya wopindika kapena wadzimbiri salira mau amodzi, ngakhale mumkunge chotani, funani wosalala.

7. Malire a wosunga

Nsambo imodzi ya piyano ikoka ngati makilogalamu 75 kapena 80, kulemera kwa munthu wamkulu. Ikaduka ikwapula ngati chikoti, ndipo itha kuphulitsa diso. Chifukwa chake musaweramire nkhope pa nsambo imene ikukungidwa, ndipo ana aime patali. Zikhomo ziri ndi kiyi yakeyake yokungira. Pulayala iphwanya mitu yake, ndipo chikhomo chikapindika kapena kugwedezedwa, bowo lake likula. Mabauti a chimango chachitsulo musawamasule ndi pang'ono pomwe.

Zanu ndi izi: kumvetsera, kuchotsa zogwera m'kati, kumanga masikuluwu a bokosi, kupukuta pfumbi, kusankha malo abwino ndi kulemba. Za mmisiri ndi izi: kuchuna, kusintha nsambo, kukonza tinyundo, totontholetsa, mtsamiro ndi thabwa. Safunsa anadya phula. Amisiri a piyano sapezeka m'midzi mwathu muno, ndipo ulendo wao udya ndalama za anthu ambiri. Tsono sungani kabuku, mulembemo kiyi yolakwa, powerenga kuyambira kumanzere, mtundu wa phokoso lake, ndi mwezi umene linayamba. Mmisiri akauzidwa zimenezi asananyamuke, adza ndi zipangizo zoyenera, namaliza tsiku limodzi nchito imene ikadatenga maulendo awiri. Choimbira mwachisungacho anachigula ndi ena, ndipo chiyembekezedwa ndi ana amene sanayambe kuimba. Chiperekeni kwa iwo chiri chamoyo.

Mafunso a pa phunziro

1. Chifukwa ninji piyano iri ndi makiyi 88 koma nsambo ngati 230?
2. Kachitsekero ka botolo ka pa bangwe katiphunzitsa chiani za phokoso la m'piyano?
3. Tchulani malo atatu ofufuza musanafike ku nsambo.
4. Mau akalirabe chala chitachoka, muyang'ana kuti?
5. Mafuta aononga nsambo m'njira ziwiri ziti?
6. Mtengo uchita chiani m'dzinja, ndipo uchita chiani mu Okutobala?

Mwezi uno yense atenge choimbira chiri pafupi naye, aitane mnzake, aimbe nsambo imodziimodzi, nalembe zimene wamva asanakonze kanthu.